Tebulo la Mfumu Arthur tinaliona, koma dzina la mayi palibe

Loweruka lapitali gulu lathu la chipereganyu la kuno ku Reading, ku England, linakacheza ku Winchester kukaona tebulo la Mfumu Arthur. A komiti anandipempha kuti ndilembe mmene tinayendera, makamaka chifukwa cha anzathu amene anali pa shifiti. Tinalipo 19: amayi 12, abambo 4 ndi ana 3. Tinapangana kunyamuka 8 koloko, koma minibasi ya hayala inafika 9 itadutsa, dalaivala n'kumanamizira msewu. Nafenso sitingamuloze chala kwambiri, poti ena anabwera mpunga ukadali kutuluka nthunzi, umboni woti poto wachoka pamoto mochedwa. Tinadzera ku Basingstoke n'kulowa mu msewu wa M3, ndipo patangotha ola limodzi tinali titafika.

Tinatsikira kumunsi kwa tauni, pamene pali chipilala cha Mfumu Alfred atakweza lupanga, n'kukwera chitunda wapansi mpaka ku Great Hall. Amayi ena anadandaula mawondo, koma tinafika tonse.

Holoyo ndi yokhayo imene inatsala yathunthu pa nyumba yachifumu imene William, mfumu yochokera ku Normandy, anayamba kumanga mu 1067. Anaimangitsa ndi Mfumu Henry III pakati pa 1222 ndi 1235, ndipo iyeyo anabadwira mu Winchester momwemo. Nyumba zinazo anazigumula itatha nkhondo yapachiweniweni ya m'ma 1640, koma holoyi anaisiya poti inkathandiza pozengera milandu. Ukalowa umangomva kuzizira, mizati yamiyala yakuda ili ndandanda mbali zonse ziwiri, denga lili patali. Ndiye kukhoma lakumapeto, m'mwamba ndithu, kwapachikidwa chimene tinadzera: chitebulo chozungulira, mamita 5.5 kuchoka mbali ina kufika ina, cholemera makilogalamu pafupifupi 1,200.

Mwana wina anafunsa mokweza kuti, "Nanga ankadyerapo bwanji chili kukhoma?" Bambo wachikulire amene amafotokozera alendo anaseka, n'kutiuza kuti kale linali ndi miyendo, ndipo kumbuyo kwake mabowo a miyendoyo akuonekabe.

Apa ndinene zoona, ine ndinkayesa kuti tebulolo ndi la Mfumu Arthur weniweni. Ayi. Arthur ndi mfumu ya m'nthano, ndipo akatswiri atatsitsa tebuloli mu 1976 n'kupima matabwa ake anapeza kuti ndi la m'zaka za m'ma 1200. Ambiri amaganiza kuti anapalitsa ndi Edward I, pa chisangalalo cha mu Epulo 1290 pamene ankakonzekera maukwati a ana ake aakazi. Nthawi imeneyo mafumu ndi asilikali awo apakavalo, aja otchedwa Sir uje ndi Sir uje, ankakonda nthano za Arthur moti pa zisangalalo zina ankavala ndi kudzitcha mayina a anthu a m'nthanozo. Masana ankathamangitsana pa akavalo ndi mikondo italiitali, aliyense kufuna kugwetsa mnzake, madona ataonerera pa nsanja. Madzulo onse ankalowa m'holo ngati iyi kukadya ndi kuvina.

Pa nkhani ya kadyedwe m'pamene tinakhalitsa, mpaka a tcheyamani anayamba kuyang'ana wotchi. Chimene chinatidabwitsa n'chakuti phwando la mfumu ya ku England zaka 700 zapitazo likufanana kwambiri ndi ukwati wa kumudzi kwathu kusiyana ndi mmene azungu a lero amadyera. Asanayambe kudya, antchito ankazungulira ndi mtsuko wa madzi, beseni ndi kansalu kopukutira, kuyambira kwa mfumu kutsika m'munsi. Mafoloko kunalibe, anadzafala m'dziko muno cha m'ma 1600. Ankadya ndi zala, supuni ndi mpeni, ndipo nthawi zambiri mpeniwo munthu ankabwera nawo yekha m'chiuno. Ndiwo zinkabwera m'mbale imodzi ya anthu awiri kapena anayi, aliyense n'kumapisa momwemo. Mayi msungichuma atamva zimenezi anaomba m'manja: "Ndiye ana athuwa amatichitira manyazi chifukwa chiyani tikamadya ndi manja?"

M'malo mwa mbale yodyera, munthu ankamupatsa chibenthu cha buledi wogonetsa, wouma ndithu, n'kumaikapo nyama yake. Msuzi wonse unkalowa m'buledimo, ndipo phwando likatha ankatolera zibenthuzo kukapatsa amphawi odikira pachipata. Ine zimenezi sizinandikomere. Ena pagulupo anati bola iwo ankawakumbukira osaukawo, koma buledi amene munthu wina wakhala akudulirapo nyama usiku wonse ndi makombo basi, ngakhale muwatche dzina laulemu.

Nyama inali ya ng'ombe, nkhosa, gwape, nguluwe ndi mbalame zamitundumitundu. Pa maphwando aakulu ankawotcha nkhanga yachizungu ija ya mchira wamaangamaanga, pikoko, kenako n'kuiveka nthenga zake zomwe kuti ilowe m'holo ngati yamoyo. Tsabola wakuda, jinja ndi sinamoni zinkachokera kutali kum'mawa ndipo zinali zodula, choncho kuthira zambiri kunali kuonetsa chuma. Lachisanu ndi nyengo ya Lenti kunali nsomba zokhazokha. Mbatata, tomato ndi chimanga kunalibe, poti zinali zisanaoloke nyanja kuchoka ku America. Bambo wina wa pagulu lathu anapukusa mutu, ati mfumu yonseyo inamwalira isanalaweko ndiwo ya tomato.

Anali ndi mwambo wawo wapatebulo, ndipo wina uli ngati umene agogo ankatilangiza: osabweza fupa loti waguguda kale m'mbale ya onse, kupukuta pakamwa usanamwere chikho chimene ukumwera ndi mnzako, osatokosa m'mano ndi mpeni, osaviika nyama m'chotengera mchere. Kwa msilikali wachinyamata amene wakhazikidwa pafupi ndi dona, pamenepa ndi pamene pankaonekera ngati analeredwa. Ankayenera kumudulira nyama, kumusankhira pabwino, kucheza naye mwaulemu, ndipo matebulo akachotsedwa ankagwirana manja n'kuvina mozungulira uku akuyimba. Maukwati ambiri a anthu amenewa ankakonza ndi akuluakulu chifukwa cha malo ndi chuma, ndiye ndikuganiza kuti kuyang'anana kwa m'holo muja sikuti nthawi zonse kunkathera kuguwa.

Koma chachikulu pa phwando lotere sichinali chakudya. Chinali malo okhala. Mfumu ndi alendo olemekezeka ankakhala pa tebulo lokwezeka kumtunda kwa holo, ena onse m'matebulo aataliatali motsatira udindo, ndipo panali mkulu wake wa ntchito yokhazika anthu. Amene ali kutali ndi mfumu ankalandira mbale zochepa ndi mowa wamba, vinyo wabwino n'kuthera kumtunda. Aliyense amene anakhalapo mu komiti ya ukwati akudziwa mmene nkhope za anthu zimasinthira akawakhazika kumbuyo kwa tenti. Tanthauzo la tebulo lozungulira m'nthano ya Arthur linali lothetsa mkangano umenewu: popanda kumutu, palibe woposa mnzake.

Tsono yang'anani tebulo la ku Winchester. Utoto umene ulipo, wobiriwira ndi woyera, anapakitsa ndi Henry VIII kumayambiriro kwa ufumu wake. Pakati anaikapo duwa la banja lake la Tudor, ndipo pamwamba penipeni pakhala Arthur pampando wachifumu, lupanga m'manja, amene ambiri amati anamujambula mofanana ndi Henry yemweyo. Tebulo lopanda kumutu analipatsa kumutu. M'mphepete muli mayina 24 a asilikali a Arthur, a Lancelot, a Galahad, a Gawain ndi anzawo. Mtsikana wina wa pagulu lathu anawawerenga onse mmodzimmodzi, n'kutembenuka: "Amayi, nanga akazi ankakhala pati?"

Bambo wofotokozera uja anatiyankha ndi nkhani ya ku Windsor, tauni ina kumene kuli nyumba yachifumu. Mu Januwale 1344, Edward III anaitanitsa phwando lalikulu kumeneko. Pa tsiku loyamba holo inadzaza ndi madona, kuphatikizapo mkazi wake Philippa ndi mayi ake Isabella, mfumu n'kumawakhazika yokha mmodzimmodzi m'malo awo, pamene abambo ambiri anakadyera m'matenti panja, m'nyengo yozizira ngati imeneyo. Amayi athu anaimba nthungululu m'holo ya Henry III, alendo ena mpaka kucheuka. Abambo athu anayi aja anangoti zii. Pa chisangalalo chomwecho Edward analonjeza kukhazikitsa gulu la asilikali 300 a Tebulo Lozungulira, n'kuyamba kumanga nyumba yake, koma ntchitoyo inaima nkhondo ya ku France itafuna ndalama. Chimene chinadzabadwa cha m'ma 1348 ndi kagulu kochepa ka Order of the Garter, kamene kalipo mpaka lero.

Tinatulukira kuseri, m'kadimba kotchedwa Queen Eleanor's Garden, kokumbukira mafumukazi awiri a dzina limenelo, mkazi wa Henry III ndi mkazi wa Edward I. N'kakang'ono, mphindi khumi zikukwana. Ku tchalitchi chachikulu cha Winchester tinangojambulitsa panja, nthawi inali itatha kale chifukwa cha minibasi ija.

Nkhomaliro tinadyera pa kapinga pafupi ndi mtsinje wa Itchen. Panali mpunga, nkhuku yokazinga, nyemba, kabichi ndi mandasi. Mnyamata wamng'ono pa onse anazungulira ndi botolo la madzi kutisambitsa m'manja, ndipo popanda womuuza anayambira kwa a tcheyamani. Amayi anakuwa kuti lero ndi lamulo la ku Windsor, ayambe ndi iwo, abambo akadyere kuseri kwa mtengo. A tcheyamani anabweza manja ali onyowa kale, n'kudikira mpaka amayi 12 onse atasamba. Chiwindi ndi nthutumba, zimene masiku onse zimapita kwa iwo, zinadyedwa ndi mayi msungichuma.

Tinafika ku Reading cha m'ma 6 koloko madzulo. Ndalama za minibasi ndi zolowera pakhomo zinakwanira, ndipo zotsala mayi msungichuma adzazifotokoza pa msonkhano wa mwezi uno. Amayi apereka kale ganizo loti ulendo wotsatira ukhale wa ku Windsor, poti ndi pafupi. Abambo ati ayankha akaona kaye ngati kudzakhale kotentha.