Mwezi wachinayi ndi Punch: kamera inandilanda ana oonerera

Lero ndakwanitsa miyezi inayi chiyambire ntchito yosandutsa sewero la zidole la Punch ndi Judy kukhala filimu yaifupi yoti banja lonse lionere limodzi. Cholinga chikadali mphindi 20. Zomwe ndajambula n'kukhutira nazo pakadali pano ndi mphindi zitatu ndi theka, koma mphindi zimenezi zandiphunzitsa zambiri kuposa miyezi itatu imene ndinatha ndikusema mitu.

Kwa inu amene mwangondipeza kumene, seweroli ndi la ku England, ngakhale Punch kwawo kwenikweni ndi ku Italy, kumene ankatchedwa Pulcinella. Samuel Pepys, Mngerezi wodziwika ndi buku lake la zochitika za tsiku ndi tsiku, analemba kuti anaona sewero la chidolechi ku Covent Garden mu London pa 9 May 1662, ndipo okonda seweroli amalitenga tsiku limeneli ngati lobadwa Punch. Nthawi imeneyo chinali chidole cha zingwe, ndipo mkazi wake, Judy, poyamba ankatchedwa Joan. Pambuyo pake chinasanduka chovala kudzanja, malo osewereramo n'kukhala kanyumba kansalu koti munthu akhoza kukanyamula, ndiye kanayenda m'misewu mpaka kukafika m'magombe a nyanja kumene mabanja amakapuma.

Zidole zisanu zatha: Punch, Judy, khanda, wapolisi ndi ng'ona. Mitu yoyamba ndinaiumba ndi mapepala onyika m'guluu, koma inang'ambika sabata yachiwiri, chifukwa zidolezi zimagundana mitu pafupifupi mphindi iliyonse. Pano yonse ndi yamtengo. Mphuno yokhota ya Punch ndinaisema katatu kuti iyandikane bwino ndi chibwano.

Mawu ake ndiwo andidyera nthawi. Amatuluka ndi kachipangizo kotchedwa swazzle, tizitsulo tiwiri tokhota pang'ono tomangidwa ndi kansalu kopyapyala kodutsa pakati. Umakapanikiza ndi lilime kumwamba kwa mkamwa, mpweya ukamadutsa kansalu kaja kamanjenjemera, n'kutuluka mawu osongoka ngati a kambalame kolusa. Wosewera, amene Angerezi amamutcha Professor, amakasuntha ndi lilime akafuna kulankhula mawu a Judy kapena a wapolisi, osakatulutsa mkamwa. Ine ndimakamangirira ulusi ndikamayeserera, kuopa kukameza. Mawu a swazzle samveka bwinobwino, n'chifukwa chake m'sewero lakale zidole zina zimabwereza zimene Punch wanena ngati zikufunsa. Poyamba ndinachotsa kubwerezaku poganiza kuti kukuchedwetsa nkhani, ndipo aliyense amene ndinamuonetsa anandifunsa kuti Punch akuti chiyani. Ndakubwezeretsa.

Tsopano ku chimene chinandisowetsa tulo. Nditajambula gawo la ng'ona koyamba, ndinaliona pa kompyuta n'kumva mtima kuti zii. Kuwala kunali bwino, zidole zinkayenda bwino, koma gawo lonse linali lozizira. Panatenga masiku kuti ndizindikire chimene chikusowa. Seweroli ndi kukambirana kwa Punch ndi ana. Ng'ona imatulukira kumbuyo kwake, iye amayang'ana kwina n'kufunsa kuti ili kuti, ana n'kukuwa mpaka mawu kusasa. Akatembenuka, ng'ona yabisala. Wosewera amasiya kampata kodikira mkuwo umenewo, ndipo manja anga anali atazolowera kampatako. Pa kamera, kampata kaja kanangokhala chete wopanda kanthu.

Ndinayesa kuikamo kuseka kojambulidwa kale. Kunamveka kwabodza, chifukwa sikunkayankha chilichonse chimene Punch wachita. Ndiye ndinapempha makolo a ana asanu ndi awiri, kuphatikizapo ana a mchimwene wanga, kuti adzaonere ndikusewera, n'kuika kamera yachiwiri pankhope zawo. Kamtsikana kena kanaimirira n'kuloza ng'ona ndi manja onse awiri, misozi ili lengelenge, kakukuwa kuti Punch athawe. Nditaika nkhope imeneyo pa kampata kaja, gawo lonse linadzuka. Nkhani ya filimu ndaisintha chifukwa cha iyeyu: tsopano anawo ali m'kati mwa nkhani, ndipo amene adzaonere kunyumba azidzakuwa nawo limodzi.

Chachiwiri ndi lamulo la manja awiri. M'kanyumba muja mumakhala munthu mmodzi. Punch amakhala kudzanja lamanja ndipo sachokako, ena onse amabwera kumanzere mmodzimmodzi. Filimu ilibe malire amenewa, ndiye ndinaitana anzanga awiri kuti tiike zidole zinayi pamodzi. Zinaoneka zodzaza, koma Punch anangokhala mmodzi mwa gulu. Mphamvu yake ili poti aliyense amabwera kudzalimbana naye yekha n'kuchoka, iye n'kutsala. Ndabwerera ku manja awiri, kupatula gawo lomaliza limene onse adzakumane.

Chimene filimu yandipatsa ndachilandira ndi manja awiri omwewo. Njira imene Jim Henson, katswiri wa zidole wa ku America, anaitchukitsa pa TV, yoti malire a chithunzi ndiwo akhale bwalo ndipo wosewera azidziona pa sikirini pamene akusewera, yandimasula kwambiri. Ndakweza malo ojambulira kuti ndiziimirira manja ali pamwamba pa mutu. Sikirini siili ngati galasi, ukapita kumanja chidole chimaoneka chikupita kumanzere, ndipo ubongo unatenga masabata awiri kuti uvomere. Mapewa salola kupitirira mphindi ziwiri, choncho ndimajambula tizidutswa. Nkhope yamtengo siisintha, koma ndikaipendeketsa pang'ono pafupi ndi kamera, kumwetulira komwe kuja kumasanduka manyazi kapena chiwembu. M'kanyumba, anthu ali patali, zimenezi sizioneka.

Kuyandikira komweku n'kumene kwandikakamiza kugamula nkhani ya ndodo. M'sewero lakale, monga linasindikizidwira mu 1828, Punch amataya khanda pazenera, amamenya Judy mpaka kufa, amapusitsa wonyonga anthu kuti adzikoloweke yekha, pomaliza n'kugonjetsa Mdyerekezi. Ndodo yake ndi timatabwa tiwiri tomwe timawombana n'kulira kwambiri popanda kupweteka, ndipo ukaonera patali kumenyako kumamveka ngati ng'oma. Ndinajambula kamodzi pafupi kuti ndione. Sizinali zoseketsa ngakhale pang'ono. Anali mwamuna akumenya mkazi wake, ndipo ndinaganiza za mwana amene angaonere filimuyi ali m'nyumba imene zimenezi zimachitikadi. Ndinafufuta.

Ndikudziwa kuti ena okonda mwambowu anganene kuti ndamuchotsa mano Punch. Ndawaganizira mofatsa, chifukwa Punch womvera malamulo salinso Punch. Wanga akadali wabodza, wadyera, wosamva za munthu. Judy akamusiyira khanda, iye maso ali pa masoseji, khanda n'kukwawa kusowa, ndipo bodza lililonse limene akunena kuti abise mlanduwu likubala lina lalikulu. Wapolisi akumupusitsabe. Koma ndodo siikhudza Judy kapena khanda, ndipo pakati pa filimu ng'ona ikuimeza, Punch n'kutsala ndi pakamwa pokha. Osewera ambiri a masiku ano ku England anafewetsa kale zigawo zimenezi, ndiye sindili ndekha.

Chatsala sabata ino ndi nsagwada ya ng'ona. Chikopa cholumikizira chatambasuka, ndipo ikatseka pakamwa sipakumveka kuti khwa! ngati kale. Ndasoka china chokhuthala, ndikudikira guluu aume. Ana aja abweranso Loweruka, ndipo sindinawauze kuti ndodo imezedwa, ndikufuna kamera idzagwire nkhope zawo akuziona koyamba.