Dripi imene ndinkaikhulupirira

Pa zaka zonse zimene ndagwira unamwino mu wodi ya ana, chimene chinandivuta kwambiri kusiya ndi kuthamangitsa dripi. Mwana akabwera ali thapsa, thupi lili moto, mapazi ali zii, dzanja langa linkapita lokha kukatsegula madzi kuti alowe msangamsanga. Ndi mmene tinaphunzirira, ndipo maso angawa ankaona kuti zikuthandiza. Lisanathe ola mwana ankaphethira, mayi ake n'kupukuta misozi.

Usiku wina ndili pa naiti, kilinikala wachinyamata anati, "Sisita, madziwa tiyeni tisawathamangitse." Ndinapsa mtima, sindibisa. Mwana wadzulodzulo andiphunzitse dripi? Wodi itakhala bata, tikumwa tiyi, anandifotokozera za kafukufuku wa FEAST amene zotsatira zake zinatuluka mu 2011. Anachitikira m'zipatala za ku Uganda, Kenya ndi Tanzania pa ana oposa 3,000 odwala ngati athu omwewa, ambiri a malungo. Pa ana 100 alionse amene anathamangitsiridwa madzi, oposa 10 anamwalira pasanathe masiku awiri. Pa amene anangolandira madzi pang'onopang'ono, anamwalira 7. Kafukufukuyo anachita kumuimitsa nthawi yake isanakwane.

Nditaweruka sindinapeze tulo. Maso anga sankanama ayi, ana ankaonekadi kutsitsimuka, ndipo ofufuzawo anaonanso zomwezo. Koma ine ndinkaweruka m'mawa. Mwana amene zinamuvuta mawa lake ankatsirizikira m'manja mwa mnzanga, tonse n'kumati malungo anakula. Ana atatu pa 100 namwino mmodzi sangawaone, angakhale watcheru chotani.

Ndimamva anthu akunena kuti anamwino ndife amakani, sitifuna zatsopano. Sindivomereza. Pamene tinachoka pa kwinini kupita pa artesunate pochiza malungo aakulu, ndani anakana? Kwinini ankafuna dripi ya maola anayi, kubwereza maola asanu ndi atatu alionse, uku ukuopa kuti shuga wa mwana atsika. Artesunate ndi jakisoni, ndipo kafukufuku wa AQUAMAT wa mu 2010 anasonyeza kuti amapulumutsa ana ambiri kuposa kwinini. Tinamulandira ndi manja awiri. Chovuta ndi kusintha kumene kukukuuza kuti siya. Kuti usiye, uyenera kuyamba wavomera kuti chimene unkachita ndi mtima wako wonse chinapweteka ana ena. Zimenezi zimawawa, ndipo sizitheka ndi pepala lomata pakhoma.

Komatu ndi mmene kusintha kumatifikira kawirikawiri. Mmodzi amapita ku maphunziro kunyanja, pobwera n'kungoti "zasintha", chifukwa chake osatchula. Namwino amene ali yekha usiku ndi wodi yodzaza, ana awiriawiri pabedi, awerenga nthawi yanji zolemba za ofufuza, za Chingerezi cholimba, pa foni yopanda bandulo? Ine ndinasintha chifukwa munthu anakhala nane pansi n'kundiuza manambala, osandinyoza.

Pasakhale wondimva molakwa. Mwana amene watha madzi m'thupi chifukwa chotsegula m'mimba amafunikabe madzi mwachangu, ana otero sanali m'gulu la ofufuzidwa aja. Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO a mu 2016 amati kwa enawa tiyambe taona ngati zizindikiro zitatu zilipo zonse pamodzi: manja ozizira, magazi ochedwa kubwerera ukatsina chikhadabo, ndi mtsempha wogunda mofulumira koma mofooka. Ngakhale apo, madziwo tipereke mosamala.

Mpaka lero dzanja limafunabe kuthamangira pa dripi. Ndimaliletsa, ndimagwira kaye chala cha mwana n'kuwerenga masekondi atatu kuti ndione ngati magazi abwerera m'chikhadabo. Ophunzira a unamwino akabwera mu wodi, ndimawatengera pambali pa bedi n'kuwauza za 10 ndi 7 uja, kenako ndimawauzanso kuti ineyo ndinathamangitsa madzi zaka zambiri ndisanadziwe.