Loweruka: masipoko a njinga yamoto pa ng'oma ya kwaya

Tsiku lonse lathera pa ng'oma ziwiri zimene zakhala zikungodya fumbi m'chipinda chosungiramo mabenchi kutchalitchi kwathu ku Kawale. Imodzi chikopa chinang'ambika pakati, inayo zikhomo zake zinathothoka ndipo thunthu linayamba kufumbwa m'munsi. Akomiti ankafuna kugula zatsopano, koma amalume, amene anakulira m'zoimbaimba kwawo ku Mitundu, anakana. Anagogoda thunthulo ndi chala n'kuti, "Mphwanga, chikopa tipeza kwa wogulitsa nyama aliyense, koma mtengo waukulu chonchi ukaupeza kuti? Ku Dzalanyama yatha ndi makala." Nkhaniyo inathera pomwepo.

M'mawa tinayambira ku Biwi, komwe zitsulo zakutha sizisowa. Tinatolako malimu awiri a njinga opindika, chubu chakale cha tayala, ndi masipoko a njinga yamoto okhala ndi timanati take. A njinga yakapalasa amalume anawakana kuti ndi oonda, chikopa chikamauma chiwongola mbedza zake. Mnyamata wowotcherera anadula malimuwo, kuwapinda kuti afanane ndi kukamwa kwa ng'oma, n'kulumikiza. Anatifunsa kangapo ngati tikupanga mbaula.

Ku Mchesi tinangodutsa kupempha utuchi wosalala kwa akalipentala. Kusakaniza ndi guluu wa matabwa, umatseka ming'alu bwinobwino, ukauma n'kupalapo ndi sandipepa. M'mabowo a tizilombo amalume anathiramo oilo wakutha wa galimoto. Fungo lake silabwino, ndipo ine ndikanakonda mankhwala a chiswe, koma ndalama za kwaya mukuzidziwa.

Ntchito yeniyeni inali pa chikopa. Cha mbuzi, tinachiviika dzulo usiku m'beseni, ndipo pofika masana chinali chitafewa ngati nsalu. Amalume anachiyala pa thabwa, kuwaza phulusa, n'kuyamba kupala ubweya ndi lezala, kutsata kumene ubweyawo wagonera. Sathamanga. Pamsana, pomwe chikopa ndi chochindikala, amatsindika dzanja. Chakumimba amangokhudza, chifukwa kabowo kakang'ono ka lero mawa ndi chibowo. Mzera wa pamsanawo anaudutsitsa pakati penipeni pa kukamwa kwa ng'oma kuti chikopa chikoke mofanana mbali zonse. Kenaka tinapinda m'mphepete mwake pa limu yoyamba, yachiwiri pamwamba kuti ipane, masipoko n'kutsika kukakola pa tizitsulo timene tinamangirira pathunthu. Pansi pa kachitsulo kalikonse tinaikapo kachidutswa ka chubu kuti kasadye mtengo. Pomanga, simutsata mzere: mukamanga nati ya uku, mulumphire ya tsidya linalo, monga amachitira okonza gudumu la njinga.

Ng'oma yachiwiri amalume anakana kuikapo chitsulo chilichonse. Ati maumbidwe ake ndi a mbalule, ija imatsogolera mapazi a wovina pabwalo, ndipo yotero imakungidwa ndi zikhomo zosema basi, n'kuwambidwa pamoto isanaimbidwe. Poyamba ndinkaona ngati ndi makani a akuluakulu, komabe mfundo ali nayo. Ng'oma ya zikhomo woimba amaisintha mawu ndi moto ndi phula: kutentha kumakunga chikopa mawu n'kukwera, phula lomata pakati limachilemeretsa mawu n'kutsika. Luso limenelo ndi gawo la Gule Wamkulu amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, ndipo wopita ku Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, akapeza anyamata atazungulira moto wa udzu ng'oma zili m'manja. Koma kwaya siingakoleze moto pakhomo la tchalitchi nthawi ya mapemphero. Dzinja likafika chinyezi chimafewetsa chikopa, ng'oma n'kumangoti phu phu. Pamenepo sipanala ndiyo yothandiza. Choncho ine ndikuti ya kwaya ikhale ya masipoko, inayo ikhale momwe anaisemera eni ake.

Zikhomo anasema yekha ndi mpeni kuchokera ku mpini wothyoka wa khasu. Nazonso ndi zotolatola ndithu, ngakhale iwo sakufuna kuvomereza.

Madzulo amayi a m'kwaya anabwera kudzaona, mmodzi dzanja lili kale m'mwamba kuti ayese. Amalume anamugwira mkono: "Pepani mayi, musaimenye, chikopa chikadali chachiwisi, chiphwa." Zonse ziwiri taziika pakhonde pamthunzi, poti padzuwa chikopa chimauma mothamanga n'kung'ambikira m'zikhomo. Mawa kwaya iimba ndi zisekese ndi m'manja. Lachitatu tidzamanganso manati, ndipo ndauzidwa kuti ndikafune phula la njuchi kumsika waukulu, lisakhale la kandulo.