Zikomo nonse amene munatibwezera ng'oma pabwalo

Ndikulemba m'malo mwa anzanga a komiti yokonza chisangalalo chathu cha pambuyo pokolola, kuno kufupi ndi Lizulu m'boma la Ntcheu. Chisangalalocho chachitika Loweruka lapitali, ndipo chatha bwino popanda ndewu kapena wovulala. Inu amene muli kutali mwangoona zithunzi pa Facebook ndi pa WhatsApp, anthu ali mbwee pabwalo, koma mwina simukudziwa kuti mwezi watha komiti inali itatsala pang'ono kulengeza kuti chaka chino kulibe kanthu.

Pakati pa mwezi wa Julayi, tchire litauma ndipo mphepo ya mwera ikuomba, moto unabuka kudambo n'kukwera mtunda mpaka kukagwira kanyumba kaudzu kamene kanali kuseri kwa bwalo. M'menemo ndi momwe tinkasungira zonse. Munali ng'oma, zishango, zibonga, nyoni za kumutu, zikopa zimene amuna amavala povina ngoma, nsalu zofanana za amayi a chimtali, mphasa ndi mikeka. Anthu ambiri anali kumadimba, ndipo pofika ndi zidebe anapeza denga litagwa kale. Zimene tinatola paphulusa ndi mangenjeza okha, chifukwa ndi achitsulo, atada bii. Inapsanso mbalule imene agogo athu aamuna ankaimba ife tisanabadwe, ndipo ena mwa akuluakulu analephera kudya tsiku limenelo.

Chinatiwawa kwambiri chifukwa bwaloli lakhala likuzizira kawirikawiri zaka zapitazi. Mu 2020 misonkhano inaletsedwa chifukwa cha Covid-19. Mu 2024 mvula inadula chimanga chikumasula, boma n'kulengeza m'mwezi wa Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Ife kumtunda kuno tinapulumukira kachewere ndi kabichi, koma abale athu a ku Bwanje ndi ku Sharpevale anabwera kudzafuna ganyu, ndipo palibe amene akanaviika chimera mnzake akugona ndi njala. Chaka chino nkhokwe zinali ndi kanthu, ana anali atayamba kale kuyeserera, kenako moto uja.

Zikomo yoyamba ipite kwa a gulupu ndi mafumu awo. Mmawa wake anatiitanira pabwalo, ndipo nkhani yofunafuna amene anayatsa moto anaitseka pomwepo, poopa kuti mudzi ungagawikane. Ife titanena kuti bola tidikire chaka chamawa, iwo anati: "Zapsa ndi zikopa. Miyendo muli nayo, pakamwa muli napo. Tsiku silisintha." Anapereka mbuzi yawo, n'kulamula kuti banja lililonse lipereke mbale ya chimanga kapena mawere. A gulupu, tathokoza. Mukanatimvera ife, lero sindikanalemba izi.

Ndikufuna ndikhalitse pang'ono pa agogo athu osema ng'oma, amene ambiri tinkangowadziwa ngati osema mipini ndi mitondo. Maso awo sakuonanso bwino, ndipo anali atasiya ntchitoyi kalekale poti panalibe wowafunsa. Atamva za motowo anatuma mdzukulu wawo kudzaitana anyamata. Anati iwo mphamvu zogwetsera mtengo alibe, koma amene akufuna ng'oma abwere ndi nkhwangwa ndi kasemasema. Mtengo anasankha okha kumunda kwawo, atachita kupempha chilolezo kwa amfumu, ndipo anakana mitengo ingapo imene anyamata ankaloza, akuti ingang'ambike ikamauma.

Ndinapitako madzulo ena n'kuwapeza atakhala pachitsa, thunthu lili pakati pa miyendo, anyamata akugoba m'kati mosinthana. Agogowo ankalowetsa dzanja n'kumapapasa, kenako n'kugogoda kunja ndi chala, khutu ataligunditsa pamtengo. Akati "pano pakadali ponenepa," mnyamata ankabwerezanso pomwepo. Chikopa anachiviika usiku wonse, n'kuchikoka chili chofewa, anthu anayi atagwira mbali zonse, iwo akukhoma zikhomo zamtengo imodzi kuno ina kutsidya kuti chisapendekere. Chitauma anameta ubweya ndi lumo. Phula anapanga ndi nsatsi zosinja n'kumata pakati penipeni, pang'onopang'ono, akuimenya n'kumamvetsera mpaka mawu atatsika pamene ankafuna. Mnyamata wina atafunsa kuti adziwa bwanji kuti phula lakwana, anamuyankha kuti ng'oma yake imuuza yokha akaiwamba pamoto. Ndalama anakana. Anangopempha fodya ndi bulangete, poti kuno Julayi sachita naye masewera. Agogo, tinali pafupi kukutayani muli moyo, nzeru zonsezi zili m'manja mwanu. Zikomo kwambiri. Anyamata amene munawaphunzitsa aja tsopano akudziwa kukunga ng'oma, ndipo limeneli ndilo phindu lalikulu limene ine ndaliona pa zonsezi.

Ng'oma zatsopano sizikanakwana, ndipo apa ndi pamene abale athu a kutsidya kwa msewu anatigwira dzanja. Amene simukudziwa dera lino, msewu wa M1 pa Lizulu ndiwo malire: mbali ino ndi Malawi, mbali inayo ndi Mozambique, boma la Angonia. Koma chiyankhulo n'chimodzi, ziwongo n'zimodzi, maliro timalira limodzi, ndipo Angoni a kwa Maseko asanakhazikike kuno likulu lawo linali ku Domwe, komweko. Atsibweni athu a kumeneko anafika ndi mpanje ziwiri pa njinga, atazikulunga m'masaka, pamodzi ndi zishango ndi nyoni zobwereka. Titawafunsa za malipiro anakwiya, akuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Patsikulo anabweranso ndi gulu lawo lovina. Katundu wanu yense tabweza Lolemba, ndipo chishango chimodzi chimene chinang'ambika m'mphepete tachisoka.

Amayi, ndiyambire pati? Nsalu zanu zinapsa zonse, koma munasonkherana kuchokera ku banki m'khonde n'kukagula zina pamsika, osapempha komiti ngakhale tambala. Munaviika chimera, munasinja, munatunga madzi mbandakucha kukuzizira, munaphika thobwa lokwanira mudzi wonse ndi alendo omwe. Amene munafulula masese a akuluakulu, mowa unali wabwino ndipo munautulutsa pa nthawi yake, magule a ana atatha. Anamkungwi, zikomo chifukwa cha chisamba chija. Atsikana ambiri anali asanaonepo akuluakulu akuvina chisamba ndi ulemu wake wonse.

Tithokozenso aphunzitsi a sukulu za pulayimale ndi sekondale ya masana za m'dera lino, amene munakonzekeretsa ana ndakatulo. M'zisangalalo zambiri ndakatulo amaziika nthawi ya nkhomaliro, anthu akutsukuluza m'manja, ngati chinthu chongotsekera mpata. Ine ndimadana nazo zimenezo, ndipo ndinakondwa komiti itavomera kuti alakatuli alowe pakati pa magule, bwalo lili lodzaza. Mtsikana wina wa Fomu 2 analakatula za mnzake amene anasiya sukulu n'kukwatiwa ndi wogula kachewere. Sanakuwe, sanatchule dzina la munthu, koma bwalo lonse linati zii, ndipo atamaliza amayi anathamanga kukamufupa ndi nthungululu. Mafumu anali pomwepo ndipo anamva. Malamulo a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo tonse tikudziwa ntchito imene Inkosi Theresa Kachindamoto anagwira ku Dedza pothetsa maukwati a ana, koma mawu otuluka pakamwa pa mwana wa m'mudzi momwemo amalasa mwa mtundu wina. Mnyamata wina analakatula za mtengo wa feteleza, anthu n'kumavomera mzere uliwonse. Mkulu wina anatchula mayina otamanda mafumu a Angoni motsatana, kuyambira Mputa mpaka Gomani, ana atatsegula pakamwa.

Ngoma inalowa dzuwa litapendeka. Amuna anatulukira kuseri kwa mitengo ali pamzere, nyoni zikugwedera, chishango kumanzere chibonga kumanja, amayi akuomba m'manja pambali. Mangenjeza opsa aja anyamata anali atawakwecha ndi mchenga n'kuwamanga pa zingwe zatsopano, ndipo ankalira bwinobwino. Phazi likatsika onse pamodzi, nthaka inkanjenjemera mpaka pamene tinakhala ife. Kutsogolo kunali nkhalamba zimene masiku onse zimayenda ndi ndodo, kumbuyo tiana ta Sitandade 3 titavala zikopa za mbuzi zimene makolo awo anafufuta milungu yomweyi. Atafika pamaso pa mafumu anakweza zibonga n'kupereka ulemu, ndipo ndinaona a gulupu akupukuta m'maso.

Anyamata a bandi ya zigubu, ndi babatoni wanu ndi banjo yopanga nokha, munavinitsa ngakhale azibusa. Makwaya a CCAP ndi a Katolika, zikomo poimba, komanso pobwereketsa mabenchi. Kwa akuluakulu a kudambwe, tathokoza potulutsa gule madzulo monga munalonjezera, ndiponso posunga mwambo kuti ana ndi alendo aonere mwamtendere. Ndikudziwa kuti si onse amene amamasuka kuona kwaya ndi Gule Wamkulu pa tsiku limodzi, ndipo amene munanyamuka gule asanafike munachita mwaulemu, palibe amene anakunenani. Kwa ine, mudzi uno ndi wa Achewa ndi Angoni osakanikirana, opemphera ndi olowa gule akudyera mbale imodzi, choncho bwalo liyenera kuonetsa momwe tilili. Ku Mua, kumunsi kwa phiri m'boma la Dedza, malo osungirako chikhalidwe a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 akhala akusonyeza kuti zimenezi n'zotheka. Gule ameneyu UNESCO inamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, ndiye ife eni ake tisachite naye manyazi.

Ana a mudzi uno amene muli ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni, ndalama zanu za pa Airtel Money ndi Mpamba zinafika. Ndizo zinagula zikopa za ng'ombe, kulipira zokuzira mawu, ndi kugula mafuta a jenereta. Ena munatumiza zochepa n'kumapepesa, koma musapepese, zinagwira ntchito. Msungichuma awerenga ndalama zonse zolowa ndi zotuluka pabwalo Lamlungu likubwerali tikaweruka kutchalitchi, ndipo chithunzi cha kaundulayo tidzachiika pa gulu la WhatsApp kuti aliyense adzionere. Panalibe bungwe lotithandiza, panalibe alawansi, ndipo palibe amene anafunsa.

Anyamata a kabaza munanyamula nkhalamba ulere. Alangizi a zaumoyo munaika zidebe za madzi a klorini pamalo odyera, pokumbukira kolera ya 2022 ndi 2023. Apolisi a m'mudzi munagona panja usiku wonse kulondera katundu wobwereka. Amayi ogulitsa pamsika wa Lizulu munatipatsa kabichi, tomato ndi anyezi. Mwini ngolo amene anatuta nkhuni, ndi ana amene munasesa bwalo mmawa wake, nonsenu zikomo. Ngati pali amene sindinamutchule, dziwani kuti dzina lanu lili m'kaundula ndipo lidzawerengedwa pabwalo.

Zotsala ndi izi. Mafumu avomereza kuti timange kanyumba ka njerwa zootcha ndi malata, ndipo kuumba kuyamba sabata yamawa dothi lisanalimbe kwambiri. Banja lililonse litumize munthu mmodzi ndi khasu kapena chikombole. Tilambulanso mozungulira bwalo ndi manda kuti moto wa tchire usadzafikenso. Agogo osema ng'oma avomera kupitiriza kuphunzitsa Loweruka lililonse masana, ndipo ati atsikana amene akufuna abwere nawonso. Nsatsi zikufunika zambiri, amene muli nazo kuseri kwa nyumba musazitaye.

Gulu la ngoma likupitiriza kuyeserera Lachitatu ndi Lachisanu pokonzekera Umhlangano ku Nkolimbo, kumene Angoni a kwa Maseko amasonkhana chaka ndi chaka pamaso pa Inkosi ya Makhosi Gomani V, pokumbukira Gomani Chikuse amene anaphedwa ndi atsamunda mu 1896. Zishango zathuzathu zilipo zochepa, choncho amene mwapha ng'ombe kapena mukudziwa kumene kuli chikopa chabwino, uzani a komiti msanga kuti tichifufute nthawi ikadalipo.