Khadi ya nyimbo yomwe inakwera nafe pa Sapitwa

Tinafika pa Chisepo, nyumba yogona alendo m'phiri la Mulanje, dzuwa litapendeka, maondo akunjenjemera. Mlonda wa panyumbapo anali atakoleza kale moto, ndipo mchemwali wanga anangovula nsapato n'kukhala pansi osanena kanthu. Ine ndinatulutsa kamera kuti ndimusangalatse ndi zithunzi za tsikulo. Panali chimodzi chomwe ndinkachiyembekezera kwambiri. Ndinamujambula ataima pamwamba pa mtunda wina pakati pa Chambe ndi Chisepo, atatambasula manja, mitambo ili kunsi kwa mapazi ake.

Nditadina batani, kamera inandiuza kuti singathe kuonetsa chithunzicho. Ndinabwerera m'mbuyo, chimodzimodzi. Ndinabwereranso, chimodzimodzi. Chala chinayamba kuthamanga chokha, mtima ukugunda ngati ndikadali pachitunda. Ndinadutsa zithunzi zonse za tsiku limenelo popanda n'chimodzi chomwe chooneka. Zinayamba kuonekanso nditafika pa za dzulo lake madzulo, tili pa Chambe. Za pa Dziwe la Nkhalamba zinalipo, za m'njira yokwera kuchokera ku Likhubula zinalipo. Kuyambira pamenepo kupita m'tsogolo, zithunzi zoposa 200 zinangotsala manambala okha.

Ulendowu sunali wamba kwa ife. Mchemwali wangayo anali atapeza ntchito ya unamwino kunja, ndipo kunatsala milungu itatu kuti anyamuke. Tonse tinakulira ku Phalombe, phirili tikuliona m'mawa uliwonse popita kusukulu, koma palibe mwa ife anali atalikwerapo. Kwathu dzina loti Sapitwa ankalitchula motsitsa mawu. Agogo ankati kumeneko n'kwa mizimu, ndipo ukapeza chakudya chokonzakonza m'njira uzingodya wekha osaitana mnzako. Tinagwirizana kuti asanapite tikaime limodzi pamwamba pake, pa mamita 3,002, pamalo okwera kuposa ena onse m'Malawi muno.

Khadi yosungira zithunzi yomwe inali m'kameramo ndinaigula ku Limbe kutatsala tsiku limodzi kuti tinyamuke. Ndili nayo khadi yanga yakale ya 16GB yomwe sinandivutitsepo, koma inali yodzaza ndi zithunzi za chinkhoswe cha msuweni wanga zomwe ndinali ndisanasamutsire pa kompyuta. M'malo mokhala pansi theka la ola n'kuzisamutsa, ndinaganiza zogula ina. M'sitolo ina anandiuza mtengo womwe unandibweza pakhomo. Kunja, pa benchi yogulitsa machaja ndi makava a foni, mnyamata wina anandionetsa ya 128GB pa K8,000, ili m'pepala lake lomatamata bwino, dzina la kampani yodziwika lili pamwamba. Inali kakhadi kakang'ono kaja ka m'foni, microSD, kali ndi adaputa yake yokulowetsa m'kamera. Ndinaiika m'kamera pomwepo, kamera n'kuilandira n'kuonetsa kuti mungalowe zithunzi masauzande. Ndinapereka ndalama ndikumwetulira.

Amene anandimasulira zomwe zachitika anali bambo wotilondolera njira, yemwe tinamupeza ku Likhubula. Anali akutsuka mapoto panja, koma atamva kuti m'nyumba mwangoti zii analowa. Anaitenga khadiyo, kuitembenuza pafupi ndi moto, n'kupukusa mutu.

"Yafeki iyi, abwana. Alendo ambiri alira nazo muno."

Zomwe anafotokoza usiku umenewo ndinadzazitsimikiza nditabwerera ku Blantyre. Anthu achinyengo amatenga khadi yaing'ono, mwina ya 8GB, n'kuisintha m'kati kuti izinamiza kamera kapena foni kuti ndi ya 128GB. Malo enieniwo akadalipo, zonse zimayenda bwino, n'chifukwa chake kuyesa pa benchi sikuthandiza. Akangodzaza, kamera imapitiriza kutumiza zithunzi, khadi imavomera kuti yalandira, koma palibe komwe zikusungidwa. Makhadi ena amafika pofufuta zakale n'kulemba zatsopano pamwamba pake. Chopweteka n'chakuti ukangojambula, chithunzi chimaoneka kaye pa sikirini, chifukwa kamera imakhala ikuonetsa chomwe yagwirizira m'kati mwake. Tsiku lonse ndinkayang'ana, kukhutira, n'kumapitiriza ulendo.

Mchemwali wanga anayesa kundilimbitsa mtima kuti tijambula ndi foni. Koma yake inali itazima kuyambira masana, yanga itatsala pang'ono, ndipo m'nyumba za paphiri musayembekezere soketi. Kuzizira kwa kumeneko kumamwa batire ngati madzi.

Bambo uja anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anafunsa: "Kachikuto kake kaja n'kabwinobwino?" Ankanena adaputa. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa foni yake ya mabatani, yomangidwa ndi mphira. Anati m'menemo muli khadi ya 8GB yomwe wakhala nayo zaka zambiri. Inali yodzaza ndi nyimbo, zambiri za makwaya, zomwe amamvera usiku akagona paphiri, komanso zithunzi za ana ake.

Ndinakana. Ndinati sizingatheke kuti awononge zinthu zake chifukwa cha ine.

"Achimwene," anatero, ndipo aka kanali koyamba kusiya kunditchula kuti abwana, "nyimbo ndikaikitsanso pa Chitakale, ndi ndalama yochepa. Achemwaliwa akakwera ndege, Sapitwa mudzamukweranso liti limodzi?"

Anakhala pa benchi pafupi ndi moto n'kuyamba kufufuta, imodziimodzi. Sankafufuta chisawawa. Ankaiyatsa kaye nyimbo, kumvera pang'ono, kenaka n'kuganiza. Zina ankati, "Iyi ayi, amaikonda mayi a kunyumba," n'kuidumpha. Mlonda uja nayenso analowerera, kumachonderera kuti ina yake isachotsedwe chifukwa amaimvera limodzi akakumana. Mchemwali wanga, yemwe ankaimba kwaya ku sekondale, anayamba kuyimba motsatira. Nsima inapsa, tinadya ndi soya ndi tomato, ntchito yofufuta ikupitirira. Inatenga pafupifupi ola lathunthu. Pomaliza anazimitsa foni, kuchotsa batire, kusolola kakhadiko ndi chikhadabo n'kundiika m'dzanja. Kanali kofunda.

Aliyense wodziwa za makamera adzakuuzani kuti khadi yatsopano muziyamba mwaifomata m'kamera momwemo, osati pa kompyuta, ndipo n'zoona. Usiku umenewo sindinayerekeze, chifukwa kufomata kukanasesa nyimbo zotsalazo pamodzi ndi zithunzi za ana ake. Ndinangoilowetsa, mtima uli m'mwamba. Kamera inatsegula foda yake pambali pa nyimbozo. Ndinasiya kujambula mu RAW, mtundu wa zithunzi zosapanikiza, yomwe pa kamera yanga ya mamegapikiselo 24 imadya 20MB kapena kuposa pa chithunzi chimodzi, n'kuika JPEG, yomwe imadya malo ochepa. Sikirini inaonetsa kuti ndili ndi malo a zithunzi 61. Ndinajambula mlonda ali pamoto, kuzimitsa kamera, kuyatsanso, n'kuyang'ana. Analipo. Zinatsala 60.

Batire ndinagona nayo m'thumba la malaya a m'kati kuti isazizidwe.

Tinanyamuka kusanache, ndi matochi. Za njira ya ku Sapitwa sindinena zambiri, chifukwa mbali yaikulu ndinkangoona zidendene za munthu wa patsogolo panga. Ndi matanthwe otsetsereka omwe umakwera ndi manja ndi miyendo, kenaka miyala ikuluikulu yomwe pena umadutsa pansi pake chokwawa, chikwama ukuchikankha patsogolo. Mukaona chiperoni chikubwera musakakamire, ndipo musapite opanda wokulondolerani. Anthu anasowapo m'phiri limeneli.

Chomwe ndikufuna kunena n'chakuti zithunzi 60 zinandisintha kajambulidwe. Masiku awiri oyamba aja ndinkangowaza, khumi pamalo amodzi, poganiza kuti ndikasankha kunyumba. Tsiku limeneli ndinkayamba ndaima, kuyang'ana, kudikira kuti mtambo usunthe. Malo ambiri ndinangowaona ndi maso, kamera ili pachifuwa. Ndikukumbukira bwino mtengo wa mkungudza wouma womwe tinauona potsika, woyera ngati fupa, ngakhale sindinaujambule. Za tsiku lomwe ndinajambula zoposa 200 lija, zambiri zasokonekera m'mutu mwanga. Sindikunena kuti muzinyamula khadi yaing'ono dala. Koma ndimaliganizirabe.

Pamwamba tinapeza kukuwomba mphepo yolasa m'makutu. Kumpoto nyanja ya Chilwa inkanyezimira, ndipo chigwa cha Phalombe chinali chitayalidwa pansi ngati mkeka. Mchemwali wanga anayesa kuloza komwe kuli mudzi wathu, kenaka anakhala pansi n'kulira. Ndinadikira kuti amalize. Pamenepo ndinajambula zithunzi 14 zokha, ndipo zitatu anatijambula ndi mwini khadi.

Tsopano kwa inu amene mukukonzekera ulendo, kaya ndi wa kuphiri, kunyanja kapena ku Liwonde kokaona njovu. Khadi muigule kukadali sabata, osati dzulo lake, ndipo muiyese yonse. Pali pulogalamu yaulere ya pa Windows yotchedwa H2testw, yomwe imadzaza khadi mpaka pakamwa kenaka n'kuwerenganso zomwe yalemba. Pa khadi yaikulu imatenga nthawi, muisiye ikugwira mukudya mgonero. Yanga ija nditaiyesa, malo enieni sanakwane n'komwe 8GB. Ngati mulibe pulogalamuyo, dzazani khadi ndi mavidiyo n'kutsegula oyambirira ndi omalizira omwe, muone ngati akusewera. Ndinayesanso kubweza zithunzi zotayikazo ndi pulogalamu ina yaulere, PhotoRec, yomwe imathandizadi ukafufuta mwangozi kapena ukafomata molakwitsa, bola usajambulenso pa khadiyo. Apa sinapeze kanthu, chifukwa zithunzizo sizinalembedwepo chiyambire.

Lero ndimanyamula makhadi atatu a 32GB m'malo mwa imodzi yaikulu. Imodzi imanditengera zithunzi za RAW zoposa 1,000, zomwe n'zokwanira masiku angapo. Ikafa imodzi, yafa ndi gawo la ulendo, osati ulendo wonse. Yodzaza ndimaitsekera kaloko kam'mbali kaja n'kuisunga m'kachikwama ka ndalama, osati m'chikwama cha kamera, kuti wakuba akatenga kamera asatenge zonse. Palinso chifukwa china chokondera 32GB. Makhadi ofika pa 32GB ndi a mtundu wa SDHC, pomwe a 64GB kupita m'tsogolo ndi SDXC, mtundu womwe unabwera mu 2009. Makamera akale, ngati omwe ambirife timagula pa kaunjika kapena kulandira kwa abale, ena saiwerenga SDXC. Yang'anani kaye buku la kamera yanu musanataye ndalama.

Manambala odzaza pa khadi aja asakuzunguzeni mutu. Chachikulu chomwe amalemba mooneka, monga 120MB/s, kawirikawiri ndi liwiro lowerengera, lomwe limakuthandizani posamutsira zithunzi pa kompyuta. Pojambula, chofunika ndi liwiro lolembera, ndipo limabisala m'tizizindikiro ting'onoting'ono. 10 wa m'kati mwa C ndi 1 wa m'kati mwa U onse akutanthauza kuti khadi silemba mochepera 10MB pa sekondi. 3 wa m'kati mwa U, kapena V30, ndi 30MB pa sekondi. Wojambula zithunzi za banja pagombe la ku Mangochi, U1 imukwanira. Wofuna vidiyo ya 4K, kapena kutsatira nkhwazi ikutsika pamadzi ndi zithunzi zotsatizana, agule V30. Za V60 ndi V90 zija, zokhala ndi mizere iwiri ya timano kumbuyo, n'zodula kwambiri, ndipo ngati kamera yanu si ya UHS-II, mtundu wowerenga mizere yonse iwiri, mzere wachiwiriwo sugwira ntchito. Mwangolipira chabe.

Chimandiwawa n'chakuti wogula wamba alibe pothawira. Ndalama yathu ikagwa, khadi yeniyeni imakwera mpaka kufanana ndi thumba la chimanga, ndiye munthu amathamangira ya pa benchi. Ndinabwererako kwa mnyamata uja. Sanakane, sanakalipe. Anandionetsa bokosi lonse lomwe anapikula, n'kunena kuti iyenso sadziwa kusiyanitsa. Ndinamukhulupirira. Akudyerera ali kutali, amene amasindikiza mapepala okongola aja. Ndipo ine ndinataya zithunzi za paphiri chabe. Taganizani wojambula maukwati kumudzi, amene amadzazindikira Lolemba kuti mkwati ndi mkwatibwi mulibe m'khadi. Mukagula m'sitolo, funsani lisiti, ndipo muwauze poyera kuti mukaiyesa.

Titatsika ku Likhubula ndinasowa chochita, chifukwa laputopu ndinali nditaisiya ku Blantyre. Bambo uja anangoti ndipite nayo khadiyo, ndidzaitumiza. Sanandifunse nambala ya chiphaso kapena chikole, tinangopatsana manambala a foni. Anakwera kabaza kupita kwawo foni yake ilibe nyimbo.

Ndinaitumiza Lachitatu lotsatira kudzera kwa kondakitala wa minibasi ya ku Mulanje, mu envelopu, pamodzi ndi ina ya 16GB yomwe ndinaiyesa usiku wonse. Zithunzi zathu ndinazichotsamo zonse kupatula chimodzi, chomwe iye waima pamwamba pa Sapitwa, dzanja lili pa chipilala cha simenti, jekete ikuuluzika ndi mphepo. Anandiimbira madzulo ake kuti wailandira. Anati zaka zonse zomwe wakhala akukweza alendo pamenepo, ana ake anali asanamuonepo ali pamwamba.