Zomwe ndatolapo pa nkhani yosankha dzina la bizinesi

Mu kosi yathu ya zamalonda panopa tili pa mutu wa mayina a makampani ndi katundu, ndipo ine chandigwira mtima nchakuti dzina limayesedwa ndi pakamwa komanso khutu. Ambiri amangolilemba mokongola papepala, kuika ka logo, basi nkusangalala, koma kasitomala amayamba walimva kwa mnzake, mwina pafoni netiweki ikuvuta, ndiye funso nlakuti atalimva kamodzi kokhako angathe kulilemba bwinobwino pofufuza pa intaneti?

Nkhani ya Amazon inandiseketsa. Jeff Bezos mu 1994 anayamba waitcha Cadabra, loya wake nkumva ngati akuti "cadaver", kutanthauza mtembo. Tangoganizani eti, malo ogulitsira mabuku dzina kumveka za maliro. Sony nayo kale inali Tokyo Tsushin Kogyo, anthu akunja kwa Japan lilime limakana ndithu, anadzasintha mu 1958.

Koma pomwe ndakhalitsa kwambiri ndi pa zamalamulo, poti izi sindimaziganizako nkomwe. Dzina longofotokoza zomwe ukugulitsa, tinene "Nsapato Zolimba", limaoneka lanzeru chifukwa aliyense akudziwiratu kuti muli chani, koma kulilembetsa ngati trademark, kutanthauza dzina lamalonda lotetezedwa ndi lamulo kuti ena asaligwiritse ntchito, kumavuta chifukwa mawuwo ndi a tonse, mnzako wopikisana naye ali ndi ufulu wonena kuti nsapato zake nazonso nzolimba ndipo palibe chomwe ungamuchite. Lomwe limatetezeka mosavuta ndi lopeka ngati Kodak, George Eastman analipanga mu 1888 lopanda tanthauzo, iye amangokonda chilembo cha K, kapena mawu odziwika kale koma oikidwa pa chinthu chosagwirizana nawo ngati Apple pa makompyuta. Kungoti dzina lotere palokha silinena kanthu, pamalowa ndalama zambiri zotsatsa kuti anthu alizolowere. Ndiye kwa munthu wongoyamba kumene ine ndikuona kuti bola lapakatikati, longolozera osanena zonse, ngati Netflix.

Palinso zofufuza ngati dzinalo silikutukwana m'chilankhulo china, galimoto ya Mitsubishi Pajero m'maiko ambiri olankhula Chisipanishi inkagulitsidwa ngati Montero pachifukwa chomwecho.

Mutu wotsatira akuti ndi wa mayina omwe anatchuka mopyola muyeso mpaka eni ake kulandidwa, monga escalator, lomwe kampani ya Otis inataya umwini wake mu 1950 anthu atayamba kuitana masitepe oyenda aliwonse choncho. Umenewo ndiye ndikuudikira.