Mmene ndinachepetsera zotayika pamalo anga odyera ku Limbe

Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mafuta ophikira, mpunga ndi shuga inakwera mofulumira moti ndinayamba kuganiza zotseka malo anga odyera, omwe ali pafupi ndi msika wa Limbe. Sindikanatha kumakweza mtengo wa mbale ya nsima sabata iliyonse, popeza ambiri amene amadya kwa ine ndi makondakitala a minibasi, ogulitsa kaunjika ndi onyamula katundu, anthu amene amayamba awerenga ndalama za m'thumba asanakhale pa benchi. Chimene chinatsala chinali kuyang'anitsitsa zimene zinkatulukira kukhomo la kuseri madzulo aliwonse, zomwe kwa zaka zambiri ndinkangozitchula kuti zinyalala.

Ndinayamba ndi ndowa zitatu, sikelo yopachika imene ndinabwereka kwa mnzanga wogulitsa nyemba, ndi kope la sukulu. Ndowa yoyamba inali ya chakudya chophika chimene sichinagulidwe kapena chatsala m'mbale, yachiwiri inali ya makoko a mbatatesi, masamba a kabichi ndi zina zosenda, ndipo yachitatu inali ya majumbo, mabotolo ndi mapepala. Tikatseka, mnyamata wotsuka mbale ankapachika ndowa iliyonse pasikelo, ine n'kumalemba kulemera kwake, tsiku, ndi chiwerengero cha mbale zimene tagulitsa. Ndinadziletsa kusintha kanthu kalikonse kwa masabata awiri, chifukwa ndinkafuna kuona khitchini mmene ilili, osati mmene imakhalira mwini wake akaima pakhomo.

Ndinkayembekezera kuti ndowa ya majumbo ndiyo indichititse manyazi, koma inali yopepuka kuposa zonse. Yolemera inali ya nsima. Amayi amene amatiphikira, omwe anayamba ntchitoyi ine ndili kusukulu, ankathyakula nsima yonse ya tsikulo kamodzi m'sefuliya yaikulu cha m'ma 11 koloko, kenako n'kuomola mitanda yonse n'kuiika m'makontena osunga kutentha. Lachisanu ndi kumapeto kwa mwezi, anthu akalandira malipiro, nsimayo inkatha. Koma Lolemba, Lachiwiri ndi masiku a pakati pa mwezi, mitanda yambiri inkafika madzulo itazizira, ndipo palibe munthu amene angapereke ndalama kugula mkute. Pansi pa sefuliya pankatsalanso nkhoko zokhuthala, chifukwa nsima yambiri chotere imafuna moto waukulu kuti ipse mpaka pakati.

Kukambirana nawo nkhaniyi kunali kovuta kuposa kuyeza. Nditawaonetsa kope, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanangu, kasitomala akapeza nsima yatha sabweranso mawa, ndipo anzake amawauza." Zimenezi zinali zoona, ndipo sindinawatsutse. Ndinawapempha kuti, "Amayi, tiyeni tiyese sabata imodzi yokha, zikakanika tibwerera ku kaphikidwe kanu." Tinagwirizana zophika katatu m'mapoto apakatikati: koyamba isanakwane 12 koloko, kachiwiri poto woyamba akatsala pang'ono kutha, ndipo kachitatu pokhapokha anthu akadali kubwera. Phala linkakhala likuwira pambali pa moto wochepa kuti wofika mochedwa asadikire nthawi yaitali. Ntchito yothyakula inachuluka, zimene amayiwo sanazibise, motero ndinawawonjezera kangachepe pamalipiro kuchokera pa ufa umene tinayamba kupulumutsa. Thumba la ufa limene linkatha Lachinayi linayamba kufika Loweruka, ndipo makasitomala ena anayamikira kuti nsima ikumabwera yotentha.

Makoko ndi zotsala m'mbale ndinayamba ndaganiza zopangira manyowa. Ndinakumbitsa dzenje kuseri, koma pasanathe mwezi makoswe anali atachuluka ndipo fungo linkafika pamene anthu amadyera, motero ndinalikwirira. Malo opanikizika ngati athu si oyenera ntchito imeneyo. Kenako ndinapeza bambo wina woweta nkhumba cha ku Chigumula, amene amabwera pa njinga yamoto kudzatenga ndowa ziwirizo tsiku lililonse, n'kukaziwiritsa asanazisakanize ndi madeya. Salipira ndalama, koma amatibweretsera masamba a mpiru ndi chinangwa cha m'munda mwake, ndipo chofunika kwa ine n'chakuti amatenga zonse tsiku lomwelo. Chimene amafuna n'chakuti m'ndowamo musapezeke zotokosera m'mano, zitsekerero za mabotolo kapena madzi a sopo.

Za makala zinali zazing'ono koma zambiri. Tinayamba kuviika nyemba m'madzi usiku kuti zipse msanga, kuvundikira mapoto nthawi zonse, ndi kuzimitsa makala otsala m'chitini chotseka m'malo mowasiya apse mpaka phulusa. Mbaula zachitsulo chokhachokha tinazisiya n'kugula zokhala ndi dongo mkati, zimene zimasunga kutentha. Gasi ndinamuwerengera, koma ndalama zogulira silinda ndi chitofu chachikulu ndinalibe nthawi imeneyo.

Madzi ndinawayesa usiku umodzi wokha. Nditatseka mipopi yonse ndinalemba manambala a pa mita, ndipo m'mawa, wina aliyense asanatunge, ndinapeza kuti asuntha. Pulambala anapeza kuti thanki ya chimbudzi inkadontha mwakachetechete usana ndi usiku, vuto la kalabala kamodzi kotsika mtengo. Ambirife timaiwala kuti madzi ochuluka a mumzinda uno amachokera mumtsinje wa Shire, pa Walker's Ferry, ndipo amapopedwa ndi magetsi mtunda wautali wokwera asanafike ku Limbe, choncho dontho lililonse limakhala litadya kale ndalama lisanagwe pansi. Firiji nayo ndinaiyesa potsekera pepala pachitseko chake: pepalalo linasololoka mosavuta, kusonyeza kuti labala wa chitseko anatha ndipo makinawo ankangolira osapuma, n'kumadya mayunitsi. Kuchokera pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, magetsi n'kumazimazima, ndinali nditaphunzira kale kusadzaza firiji ndi nkhuku za sabata yonse, moti ndimagula za masiku awiri basi.

Majumbo ndinawasiyira kumapeto dala, ngakhale kuti ndiwo amatchulidwa kwambiri pawailesi. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana mamaikiloni 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki) mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, ngakhale milandu ina inapitirirabe pambuyo pake. Aliyense amene anaona ngalande za mumzinda uno zitatsekeka nthawi ya mvula, kapena anadutsapo kumtaya wa Mzedi, safunika kuuzidwa kumene majumbowa amathera. Vuto langa linali la anthu ogula chakudya chokadyera kuntchito. Ndinayesa kuwabwereka makontena atasiya ndalama ya chikole, koma makontena ambiri sanabwerere, ndipo mikangano ya amene anasiya zingati inkachedwetsa mzere. Chimene chinatheka chinali chosavuta: wobwera ndi kontena yake amalandira chipande chowonjezera cha masamba kapena nyemba. Atsikana a m'masaluni ndi anyamata a m'magalaja apafupi anazolowera msanga, ena mpaka amatumiza mmodzi ndi makontena asanu m'chikwama. Tchipisi timakulunga m'mapepala oyera ogula, osati a nyuzipepala, chifukwa inki imalowa m'mafuta. Mabotolo a pulasitiki timawasunga m'thumba, ndipo amayi ena ogulitsa thobwa amadzawatenga Loweruka.

Sikelo ija ndinaibweza patatha miyezi itatu n'kugula yanga. Tsopano timayeza Lolemba ndi Lachisanu lokha, ndipo kope limasungidwa ndi amayi ophika aja, amene amaliyang'ana m'mawa asanatape ufa. Mwezi watha ndowa ya zosenda inayambanso kulemera, ndipo titafufuza tinapeza kuti mnyamata watsopano ankasenda mbatatesi ndi mpeni waukulu wodulira nyama, n'kumachotsa mnofu wambiri pamodzi ndi khoko. Ndinamugulira kampeni kosendera kumsika tsiku lomwelo.